Mjigo wa Pabwinja

Mjigo tinaupempha mudzi wathu ukadalipo. Ndiyambire pamenepo, chifukwa anthu akamva nkhaniyi amathamangira kuseka, ati anthu a kuchigwa dzuwa linawaphika mitu, mpaka kukumbitsa mjigo poti palibe munthu. Ayi ndithu. Tinaupempha tili ndi nyumba zathu, makola a mbuzi ndi tchalitchi cha malata, titatopa ndi kukatunga ku Shire kumene ng'ona zinkatidziwa nkhope. Ine ndinali mu komiti ya madzi ya m'mudzimo. Sanandisankhe chifukwa cha nzeru koma pakamwa, ankafuna munthu woti akalankhula akhansala asowe mtendere. Anthu a ku boma atabwera kudzaona malo, bambo anga anapereka ngodya ya bwalo lathu, pafupi ndi mtengo wa mango. Pempho linakwera ku khonsolo, makhansala anakweza manja, mjigo unavomerezedwa. Tinavina tsiku limenelo. Kenako kunangoti zii, monga zimakhalira za ku khonsolo: lero ndalama sizinabwere, mawa zili m'njira, mkuja zayamba zapita kumsewu.

Madzi ndiwo sanachedwe. Kwathu kuno madzi sadikira kuti mvula ikugwere pamutu. Imagwa kumapiri a ku Thyolo ndi ku Mulanje, ife kuno dzuwa likuswa mtengo, kenako Ruo amatsika nawo n'kukakankha Shire pa Chiromo, Shire n'kubwerera m'mbuyo kudzalowa m'nyumba. Chaka chimenecho anafika m'mawa, ana akumwa phala. Tinathawira m'mitengo ndi pachulu. Bambo anabwerera kuti akatsegule khola. Mbuzi zina tinadzazipeza zamoyo padenga la tchalitchi, koma bambo sitinawapeze.

Boma linatisamutsira kumtunda, pamalo a miyala ndi minga, m'dera la eni ake. Kumeneko dzina la mudzi wathu silinkatchulidwa, tinangosanduka a kumsasa. Madzi akumwa tinkachita kupempha pa mjigo wa eni dera, amcherenso, oti ukachapira sopo satulutsa thovu, ndipo tinkaima kumbuyo mpaka eni ake onse atatunga. Ine ndinayambana ndi pafupifupi mayi aliyense wa pamzere umenewo.

Mabanja ena amene abale awo sanapezeke anatsata mwambo. Anadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kukaliika m'manda kuti maliro athe. Amalume anabwera kudzanyengerera amayi kuti nafenso titero. Amayi anawamvera mpaka kumapeto, kenako anayankha moyamba ndi Chisena cha kwawo.

"Nkhabe, achimwene. Ine sindinakwatiwe ndi nthochi."

Nkhani inathera pomwepo. Amalume anakwera njinga yawo n'kumapita.

Chilimwe chinzake, wa kabaza wina anaima pakhomo panga thukuta lili kamukamu. Anati mjigo wanu uja wabwera, uli palole. Amayi a kumsasa anayamba nthungululu, ena kusesa poti lole iime. Tinaimva ikubangula m'munsi mwa chitunda, koma pamphambano siinakhotere kwathu. Inatsetsereka kulowera kumudzi wakale.

Ndinamanga chitenje n'kuitsatira wapansi. Chisamukireni ndinali ndisanapondeko, ndipo ndinapeza kuti ndikuyenda pamwamba pa mudzi wanga. Mchenga unali mbee kulikonse, utakwirira nyumba mpaka m'mawindo. Mafelemu a zitseko ankangooneka mitu, oti kulowa n'kukwawa. Tchalitchi chinafupika ngati khola la nkhumba. Kunalibe nkhuku, kunalibe galu, ngakhale ntchentche. Mango wathu anali wamoyo, koma nthambi zimene kale tinkagenda ndi miyala zinkandikhudza paphewa. Lole inali itaima pamenepo, anyamata akutsitsa mapaipi.

Ndinapita kwa kapitawo wawo, bambo wonenepa wa ku tauni, atadziphimba thaulo lonyowa kumutu.

"Bambo, mwasochera. Anthu a mudzi uno ali kumtunda uko."

"Mayi, ine sindisochera," anatero, n'kundionetsa foni yake. Munali mapu okhala ndi kadontho kofiira. "Khonsolo inavotera pano. Ndikakumba pena sandilipira, anena kuti ndaba mjigo."

"Ndiye amwa ndani, nyerere?"

"Zimenezo mukafunse amene anakweza manja."

Ndinakafunsadi. Akhansala athu, mnyamata waulemu amene tinamusankha chifukwa ankatithandiza pamaliro, anandifotokozera modekha kuti kusintha malo n'kwa khonsolo yonse, ndipo khonsolo yonse ikumana patsogolo. Tikaimitsa ntchito, nthawi ya kontrakitala itha, ndalama zibwerera kumene zinachokera. "Landirani kaye, amayi, zinazo tikonza," anatero. Zimene ndinawayankha sindingazilembe pano, ana anga amawerenga.

Motero mjigo unakumbidwa pabwinja. Anaumangira bwino, simenti yosalala, kangalande kotayira madzi, mkono wake wonyezimira. Madzi anatuluka ozizira, okoma, opanda ndi kamchere komwe. Kapitawo anajambula chithunzi, lole inapita, ndipo mjigo unatsala wokha pakati pa mchenga. A kumsasa anakana kukatungako. Ena ankati n'kutali, ndipo kunalidi kutali, koma chifukwa chenicheni ankachinena motsitsa mawu. Pansi pa mchengawo panali anthu amene sanapezeke, ndiye ndani angamwe madzi odutsa mwa anthu?

Amayi anayamba kusowa pakhomo m'mawa. Ankabwera dzuwa litapendeka, ndowa ili pamutu, miyendo ili mbuu. Madzi awowo ankamwa okha, adzukulu awo ndinawaletsa. Poyamba ndinkati asiyeni, munthu wamkulu akakhala ndi kopita amakhala ndi moyo. Koma masiku ankapita, iwo n'kumachedwerachedwera, ndipo nthawi zina ndowa inkabwera yosadzaza, ngati kuti kutunga anaiwala.

Tsiku lina ndinawalondola masana. Kutentha kwa kuno kumene kumabwera mvula isanagwe, amene sanakuone asamanene kuti amadziwa dzuwa. Mchenga unkaotcha kupyola patapata. Ndisanafike ndinamva mjigo ukulira, kwiii, kwiii, pang'onopang'ono, m'mudzi wopanda munthu. Ndikudziwa kuti chitsulo chikasowa girizi chimalira choncho, tinaphunzitsidwa mu komiti, komabe thupi langa linachita tsembwe.

Pamjigo panali posesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka mpaka pamene panali khonde lathu. Amayi ankapopa ndi dzanja limodzi uku akulankhula. Sankapemphera. Ankangonena nkhani wamba: kuti thonje chaka chino aligula motchipa, kuti mdzukulu wamkulu wayamba mwano, kuti bondo lawayambanso. Atadzaza kapu, anathira pansi pa mango, yachiwiri n'kumwa iwo.

"Amayi, mukulankhula ndi ndani?"

Sanadzidzimuke. "Malowa anapereka ndani? Iwe ukuganiza kuti munthu angapereke malo n'kupita kutali?"

"Amayi, bambo anapita ndi madzi. Mwina anakafika ku Mozambique."

"Nanga kumtunda kuli anthu, bwanji mjigo sunabwere kumeneko? Unabwera kwa mwini wake."

Ndinafuna kuwauza za kadontho kofiira, za manja a makhansala, za ndalama zochedwa. Ndinazisiya. Kwa iwo zonsezo zinali njira chabe imene mjigo unadzera.

Nditacheuka ndinaona kuti sitinali awiri. Pamthunzi wa khoma la tchalitchi panakhala mayi wina amene mwana wake anakokoloka ali kumsana. Chapatali panali bambo wina, msodzi, amene anataya mkazi ndi apongozi tsiku limodzi. Onsewa anali ataika kale nthochi zawo m'manda, koma anali pano, atakhala duu, aliyense payekha, kuyang'ana madzi akuyenda m'kangalande. Sanandipatse moni. Ndinazindikira kuti sikunali kuyamba kubwera.

Chimene chinandiopsa kwambiri chinali kuseri kwa mango. Panali mitolo ya bango ndi nsichi zosemedwa kale, zitasanjidwa bwino.

"Izi n'zachiyani, amayi?"

"Kachisakasa chabe. Kukwera chitunda tsiku ndi tsiku bondo silikulola."

Kum'mawa, kumapiri a ku Mozambique, mitambo inali itayamba kuunjikana madzulo alionse. Ndinaona poyera zimene zikubwera. Amayi adzagona pano, mvula idzagwa kwina kutali, ndipo ine ndidzakhala ndi makolo awiri pansi pa mchenga umodzi. Ndinachita mantha, ndipo mantha anga amatulukira mu ukali. Ndinawakalipira, ndinagwetsa mitoloyo ndi phazi, ndinanena kuti ndiwamangirira pamtengo ngati mbuzi. Iwo anatola bango lawo limodzilimodzi n'kulisanjanso. Amalume anayesa, abusa anayesa, osaphula kanthu. Ndinaona kuti malinga mjigo uli apo, amayi sachoka.

Ndiye ndinawakhalira pakhosi akhansala. Ndinkawapeza kumsika, kutchalitchi, ngakhale kumaliro a eni ake, mpaka anayamba kukhota akandiona patali. Mapeto ake analowetsa mfundo yoti khonsolo ilole kuzula mapaipi ndi mutu wa mjigowo, n'kukaziika pachitsime chatsopano kumsasa. Anandiuza tsiku la msonkhano, n'kundichenjeza kuti anthu wamba amaloledwa kumvera koma osalankhula. Ndinati ndamva.

Ndinakwera galimoto yonyamula nsomba mpaka ku boma. Chipinda cha khonsolo ndinali ndisanalowemo. Munali matebulo ozungulira, mabotolo a madzi patsogolo pa aliyense, ndi fani yakudenga imene inkazungulira ngati yadwala malungo. Makhansala ndi aphungu anakhala kutsogolo, mafumu chapambali, ife omvera pabenchi kumbuyo. Anayamba ndi zimbudzi za pamsika, kuti kontrakitala anamanga makoma n'kuiwala maenje. Anabwera pa msonkho wa mbuzi, apo ndiye anakangana mpaka wina kuvula jekete. Anakambanso za amene apatsidwe ntchito yopala msewu, ndipo ndinaona kuti ena amene ankasinza anadzuka. Pa mfundo iliyonse wapampando ankati, "Ovomereza?" manja n'kukwera, n'kutsika, basi chinthu chachitika kwa anthu amene sali m'chipindamo.

Yathu inabwera kumapeto, anthu atayamba kusuzumira panja kumene kunkanunkhira mpunga. Akhansala athu anaimirira n'kufotokoza bwinobwino. Wina anatsutsa kuti kuzula mjigo watsopano n'kudzichotsa ulemu, anthu adzati khonsolo siidziwa chimene ikuchita. Wina anati kontrakitala adyanso kachiwiri pa ntchito imodzi, pamene kudera kwake ana akumwa ndi ng'ombe. Ameneyo sindinamukwiyire, ankanena zoona. Phungu wina anafunsa ngati mjigowo ukugwira ntchito. Mkulu woona za madzi anayankha kuti anyamata ake anakauyendera, ukugwira bwino kwambiri, ndipo pa mijigo yonse ya dera limenelo ndi umene ukusamalidwa mwaukhondo, posesedwa tsiku lililonse.

"Ndiye vuto lili pati?" anatero phunguyo. "Anthu akuugwiritsa ntchito."

Sindikumbuka kuti ndinaimirira bwanji.

"Amene akusesa pamenepo ndi mayi anga! Akusesera mwamuna wawo amene ali pansi pa mchenga. Amanga kale chisakasa, ndipo si okha. Inu munatiuza kuti tichoke kumadzi, tinachoka. Lero mwatiikira nyambo komweko. Mvula ikagwa mudzabwera ndi mabulangete ndi makamera, kudzatipepesa!"

"Amayi, kuno si kumsika," anatero wapampando, akumenya tebulo. Mlonda anabwera n'kundigwira pamkono, koma mwaulemu, ndipo sananditulutse. Anangoima nane pakhomo.

Wapampando anapukuta magalasi ake nthawi yaitali, kenako anati, "Ovomereza kuti mjigo usamutsidwe?"

Manja anayamba kukwera, limodzi, lina, lina, mosafulumira. Ndinawayang'ana ndili pakhomopo ndipo mutu unandizungulira, chifukwa manja okwezedwa choncho ndinawaonapo tsiku la madzi, anthu ali m'mitengo kukodola bwato. Ena anasiya manja awo patebulo, maso pansi. Wa kudera la ng'ombe uja anakhala nthawi, kenako anakweza lake mpaka paphewa pokha. Wapampando anati mfundo yadutsa, tipemphere tikadye.

Ndinapambana, koma pobwerera m'galimoto sindinalankhule ndi munthu. Amayi ndinawauza madzulo omwewo, akusenda mbatata. Mpeni unaima pang'ono, n'kupitiriza.

"Avota?"

"Avota, amayi."

"Anthu amene sanamweko."

M'mawa mwake anatenga ndowa n'kutsetsereka monga mwa masiku onse, ndipo tsiku limenelo anagona komweko. Ndinakawatenga, anakana. Kuyambira apo ndinkadzuka n'kuyang'ana kumapiri ndisanasukusule n'komwe. Za ku khonsolo ndinkazidziwa, mfundo ikhoza kudutsa lero, lole n'kubwera adzukulu atakwatira. Koma ulendo uno akhansala athu anachita manyazi, anakakhala pakhomo pa ofesi mpaka anawapatsa amisiri.

Anabwera amisiri atatu pa kalole kakang'ono, kumwamba kutachita bii mbali ya kum'mawa, mphepo itaima. Ndinatsika nawo. Amayi tinawapeza atakhala pamkeka pakhomo pa chisakasa chawo. Mayi wa mwana uja ndi msodzi uja analiponso, chapatali. Ndinkayembekeza kuti amayi agwira mkono wa mjigo n'kukana kuusiya, ndipo ndinali nditakonzeka kuwanyamula. M'malo mwake anaimirira, anapopa, n'kupatsa amisiriwo madzi mmodzimmodzi atagwada.

"Imwani, ana anga, mwachokera kutali."

Anamwa. Sankadziwa za anthu a pansi pa mchenga, ndipo palibe anawauza. Wamkulu wawo anati madzi okoma chonchi sanawamwepo chigwa chonse chino.

Anamasula mutu wa mjigo n'kuugoneka pansi. Kenako anayamba kukoka mapaipi, kutulutsa imodzi, kumasula, kutulutsa ina. Sindinkadziwa kuti pansi pa bwalo lathu panalowa chitsulo chochuluka choncho. Mapaipi ankatuluka onyowa, ozizira, n'kumauma pamchenga tikuona. Atatha, pakati pa simenti panatsala dzenje lakuda, loti mkono wa munthu n'kulowa.

Amayi anasendera pafupi n'kugwada. Anaika tsaya pamwamba pa dzenjelo, maso atatseka, nthawi yaitali ndithu. Kenako anandikodola.

"Tabwera. Tamvera."

Sindinkafuna, koma amisiri ankandiyang'ana. Ndinagwada. M'dzenjemo munkatuluka kamphepo kozizira, kakabwera, kakaleka, kakabweranso, ndipo pansi penipeni pankamveka huu, huu, ngati munthu amene wagona tulo tabwino atalima tsiku lonse. Zitsime zakuya zimatero, aliyense wa mu komiti angakuuzeni. Ine ndinadzuka msanga n'kubwerera m'mbuyo.

Wamkulu wa amisiri anali atakanda kale simenti pa chilata. Anati lamulo ndi loti dzenje litsekedwe, pangagwere mwana kapena chiweto. Anaika mwala wafulati pamwamba n'kuyamba kumata. Amayi anamugwira dzanja.

"Mwananga, musatseke ponse. Apume."

Mmisiriyo anayang'ana amayi, n'kuyang'ana ine. Ndikuganiza kuti apa m'pamene anamvetsa madzi amene anamwa aja, chifukwa anadzipukuta pakamwa. Ine, amene ndinakalipira khonsolo yonse, ndinangogwedeza mutu movomereza. Iye anapita pachisakasa, anasolola bango limodzi, analidula, analiuzira kuti aone ngati mpweya ukudutsa, n'kulizika pambali pa mwalawo pasimenti pakadali pofewa. Anasalaza bwinobwino mozungulira, ngati ntchito yoti abwana adzaiona.

"Takhuta," anatero amayi, kumuthokoza.

Anapinda mkeka wawo n'kundipatsa. Kenako anawerama pa bangolo n'kulankhula ndi mawu a masiku onse, ngati munthu wotsanzika popita kudimba.

"Bambo ake, ine ndikukwera kwa ana. Mwana wanuyu anakandigonjetsa ku boma. Ine voti ndilibe."

Amisiri anati amayi akwere kutsogolo kwa lole, iwo anakana. Tinayenda wapansi, iwo patsogolo akutsimphina, ine pambuyo, ena awiri aja kumbuyo kwathu. Lole inatipitirira, mapaipi akulira pamabampu. Tinadutsa tchalitchi, tinadutsa mafelemu a zitseko, mchenga unatha, miyala inayamba. Amayi sanacheuke.

Tili pakati pa chitunda anaima, ndinkati bondo. Anaika manja kumutu n'kubuma, kulira kwa maliro kumene sanalire chiyambire, akutchula bambo ndi dzina la ubwana wawo limene ine ndinali ndisanawamvepo akulitchula. Kumsasa anthu anali atazungulira lole akuimba nyimbo zolandirira mjigo. Nyimbo zinaduka. Ndinaona amayi a kumeneko akumanga zitenje m'chiuno n'kuyamba kutsika kudzatichingamira, wina atayamba kale kuyankha kulirako, ndipo ine ndinakhala pansi pamiyala, mkeka uli m'manja, n'kulira bambo anga.